Ndigule sefa pa ngongole kapena ndiyambe ndi zigubu?

Kalata yoyamba sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Bangwe mumzinda wa Blantyre. Iwo alemba motere:

"Alangizi, ine ndimakazinga mandasi ndi zitumbuwa, ndipo pakhomo pathu tilipo anthu asanu ndi mmodzi. Kuno madzi amatha kusiya masiku atatu osadontha n'komwe. Akasiya timagula kwa anyamata otunga, amene amakweza mtengo mmene afunira, komanso sitidziwa kumene awatunga. Mwezi wathawu mwana wanga wamng'ono anatsegula m'mimba, ndinatha sabata yathunthu osakazinga. Pali munthu akugulitsa sefa ya madzi yokongola kwabasi, koma mtengo wake ukufanana ndi mpamba wanga wonse. Ndikuganiza zotenga ngongole ku banki m'khonde, komwe chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pamwezi. Ndichite?"

Mayi, pepani ndi matendawo, ndikhulupirira kuti mwanayo wapeza bwino. Yankho langa ndi lakuti ngongoleyo musatenge. Sefa ndi chinthu chabwino, koma imasefa madzi amene alipo. Vuto lanu loyamba ndi lakuti mpopi ukauma mulibe madzi, ndipo mukadzakhala ndi sefa yonyezimira pathebulo mudzagulabe kwa anyamata omwewo pa mtengo womwewo, kwinaku mukubweza ngongole. Sefa siibweretsa ndalama. Ngongole ya 20 peresenti pamwezi ndi yoti munthu aikemo ufa, shuga ndi mafuta zimene zibweza ndalamayo mwezi usanathe.

Mudziwe chifukwa chake madzi amasiya, kuti muone kuti nkhaniyi siitha mawa. Madzi ambiri amene mzinda wa Blantyre umamwa amachokera mumtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amawakankha ndi makina oyendera magetsi kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800. Magetsi akangovuta, makina aja amaima, ndipo madera okwera ngati kwanuko ndi amene amayamba kuuma, n'kukhalanso omaliza kulandira. Tinaziona mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Tinazionanso mu Malichi 2023 ndi Freddy, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, magetsi n'kuzima, mipopi n'kuuma kunja mvula ikukhuthuka. Madzi anali ponseponse, koma akumwa panalibe. Ndipo nthawi imeneyo n'kuti dziko lili mkati mwa mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, n'kutenga miyoyo yoposa 1,700.

Choncho tiwerengere limodzi. Munthu mmodzi amafuna malita pafupifupi atatu akumwa patsiku, ndipo tikaonjezera ophikira nsima ndi ndiwo tinene kuti malita asanu. Inu mulipo asanu ndi mmodzi, ndiye kuti malita 30 patsiku, malita 90 pa masiku atatu. Zigubu zisanu za malita 20 zakwanira, n'kutsalako pang'ono. Awa ndi akumwa ndi ophikira okha. Mabungwe othandiza pa ngozi amawerengera malita 15 pa munthu patsiku akaphatikiza osamba ndi otsukira, koma enawo mutha kuwasunga m'dilamu kapena m'mabeseni, safuna chisamaliro chofanana. Muonjezere chigubu chimodzi cha bizinesi, poti mandasi nawonso amamwa madzi, ndipo manja a wokazinga ayenera kusambitsidwa ndi sopo ngakhale mpopi uli gwa.

Zigubu zisanu ndi chimodzi simuyenera kugula tsiku limodzi. Gulani chimodzi sabata iliyonse kapena masabata awiri alionse kuchokera pa phindu, osati pa mpamba. Inu muli ndi mwayi umene ena alibe: mumagula mafuta ophikira. Ngati mungathe kugwirizana ndi anzanu awiri kapena atatu okazinga kuti muzipikula chigubu cha malita 20 n'kugawana, mafuta mwagula motsikirapo ndipo chigubu chizitsala kwa mmodzi mosinthana. Chigubu cha mafuta ophikira chimatsukika: madzi ofunda, sopo, timiyala toyera pang'ono, khutchumulani mpaka mkati musiye kuterera, tsukuluzani kangapo, kenako tsukuluzani komaliza ndi madzi a kolorini. Koma chigubu chimene munalowapo petulo, dizilo, palafini kapena mankhwala a m'munda, ngakhale akupatseni chaulere, chikaneni. Pulasitiki imamwerera zinthu zimenezi ndipo sopo sangazichotse. Pamsika, tsegulani chivindikiro mununkhize musanapereke ndalama, ndipo chopanda chivindikiro chothina bwino chisiyeni.

Ndikuumirira pa chigubu m'malo mwa ndowa yotsegula pa chifukwa chimodzi. Madzi ambiri amafika pakhomo ali abwino, n'kudzaipira m'nyumba momwemo. Onani mmene zimakhalira: mwana wachokera kosewera, watola kapu imene inagwera pansi, waiviika m'ndowa pamodzi ndi zala zake zonse, wamwa, otsala wabwezera momwemo. Ndowa yonse yapita pamenepo, ndipo palibe amene waona. Chigubu chili ndi kukamwa kwakung'ono, dzanja sililowa, madzi amachita kutsanula. Ngati mumakonda madzi ozizira a mumtsuko, ndipo ndani sawakonda mwezi wa Okutobala, mtsukowo ukhale ndi chovundikira komanso chikho chake cha chogwirira chachitali, chopachikidwa pa msomali, chosamwera munthu. Ndowa ya chivindikiro yokhala ndi kampopi m'munsi, ngati zija tinkasambira m'manja nthawi ya Covid-19, ndi yabwinonso kwambiri.

Chachiwiri chogula ndi kolorini, ndipo apa ndi pamene ndalama yochepa imagwira ntchito yaikulu kuposa sefa ija. WaterGuard amapezeka m'magolosale ndi m'masitolo ogulitsa mankhwala, ndipo alangizi a zaumoyo amagawa kolorini wosungunula kale, makamaka nyengo ya mvula. Afunseni, si kupempha, ndi ntchito yawo. Mlingo wake tsatani umene walembedwa pa botolo kapena umene mlangizi wakuuzani, poti mphamvu ya mankhwalawa imasiyana. Mukathira, khutchumulani, dikirani mphindi 30 musanamwe. Botolo lizikhala pamthunzi, kutali ndi ana, ndipo muziyang'ana tsiku limene mphamvu yake ithere. Mphamvu ya kolorini m'madzi imanka nichepa, choncho madzi amene akhala m'chigubu masiku angapo athireninso tsiku lowamwa. Ana akadandaula fungo, thirani madzulo kuti amwe m'mawa.

Kolorini sagwira bwino ntchito m'madzi amatope. Mukakakamizika kutunga pachitsime kapena kugula odetsedwa, asiyeni adikhe usiku wonse, tsanulani a pamwamba mosamala, asefeni pa nsalu yoyera yopinda kanayi kapena kuposerapo, kenako ndiye muthire mankhwala. Nsaluyi musaipeputse. Ku Bangladesh ofufuza anapeza kuti m'midzi imene amayi ankasefa madzi pa nsalu yakale yopindapinda, odwala kolera anachepa ndi pafupifupi theka. Chitenje chakale chochapidwa bwino n'kuumitsidwa padzuwa chimagwira ntchito imeneyi, koma chisakhale chokhachokha, kolorini kapena moto zitsatire.

Kuwiritsa kumapha tizilombo tonse toyambitsa kutsegula m'mimba, bola madzi abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu. Vuto lake ndi makala. Kuwiritsa malita 20 tsiku lililonse kungakudyereni phindu la mandasi, choncho wiritsani a mwana wamng'ono ndi a wodwala. Ndipo popeza mbaula yanu imakhala ndi moto wotsala mukamaliza kukazinga, terekani poto wa madzi pomwepo m'malo mousiya uzingonyeka. Njira ina yaulere ndi dzuwa: mabotolo apulasitiki oonekera mkati, osaposa malita awiri, odzaza madzi oyera, kuwagoneka padenga la malata maola asanu ndi limodzi dzuwa likuswa mtengo, kapena masiku awiri kukakhala mitambo. Imathandiza m'chilimwe, koma nthawi ya namondwe musaidalire.

Madzi osungawa asakhale ngati katundu wa m'chipinda cha alendo. Lembani manambala pa zigubu, muzigwiritsa ntchito chakale n'kudzaza chatsopano, monga muchitira ndi ufa wa bizinesi. Ziikeni pa thabwa, pamthunzi, kutali ndi palafini. Lamulo la pakhomo likhale lakuti mpopi ukangoyamba kutuluka, ngakhale ndi 2 koloko usiku, zigubu zidzaze kaye anthu asanayambe kuchapa. Mukatero, madzi onse mukuwagula pa mtengo wa bodi ya madzi kapena wa pa kiyosiki, osati wa tsiku la mavuto. Lembani m'kope ndalama zimene munkapereka kwa otunga mwezi uliwonse. Ndalama imeneyo, pamodzi ndi masheya anu a ku banki m'khonde pogawana kumapeto a chaka, ndi imene idzagule sefa, pa kashi.

Tsiku limenelo likadzafika, musadzayang'ane kukongola. Mufunse zinthu zitatu: kamtima kosefera kaja kamatha nthawi yaitali bwanji, katsopano kamapezeka kuti, ndipo ndi ndalama zingati. Ndalowa m'nyumba zambiri mmene sefa yodula inasanduka ndowa yosungiramo nyemba chifukwa kosinthira kake sikapezeka m'dziko muno. Sefa za dothi lootcha zimadontha pang'onopang'ono, lita imodzi mpaka atatu pa ola, zimatsukidwa ndi madzi oyera popanda sopo, ndipo zikangochita mng'alu ntchito yatha. Sizichotsa mchere kapena mankhwala a m'munda, ndipo nyengo ya kolera ndi bwino kuthirabe kolorini m'madzi osefedwawo.

Bambo wina wa ku Area 25 ku Lilongwe akufunsa: "Ndili ndi nyumba zinayi za lendi pa mpanda umodzi. Alendi akudandaula za madzi ndipo awiri anasamuka. Kodi thanki ya malita 5,000 ingabweze ndalama zake?"

Bambo, kwa inu nkhani ndi yosiyana, chifukwa thanki ikuteteza ndalama imene ikulowa kale. Werengani lendi imene munataya miyezi imene nyumba ziwirizo zinakhala zopanda anthu, muiyerekeze ndi mtengo wa thanki, nsanja, mapaipi ndi mmisiri. Nthawi zambiri masamu ake amavomera. Koma pamene anthu amaumira ndi pa nsanja, ndipo ndi pamene pali imfa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuti thanki yanuyo ikadzaza ndi matani asanu ali pamwamba pa bwalo limene ana a alendi amasewera. Pezani mmisiri wodziwa, ndipo ngati ndalama yachepa gulani thanki yocheperapo kapena muikhazike pa chiunda cha simenti chachifupi anthu azitunga ndi ndowa. Ikhale yovundikira kuti musalowe fumbi, mbalame ndi udzudzu, muziitsuka kawiri pachaka, ndipo mugwirizane ndi alendi polemba za mmene bilu ya madzi izigawidwira, thanki isanafike. Auzeninso poyera kuti madzi a m'thanki ndi ofunika kuthira kolorini asanamwe.

Funso lomaliza ndi la mtsikana wa ku Nsanje amene amagulitsa thobwa ndi mafilizesi pafupi ndi sukulu. Akuti nyengo ya mvula mjigo wa kwawo umazunguliridwa ndi madzi osefukira, ndipo akufuna kudziwa ngati asiye geni mpaka mvula itatha.

Achemwali, mwafunsa bwino, ndipo ndakondwa kuti mwaganizira ana amene amagula kwa inu. Madzi akasefukira amadzaza zimbudzi zokumba, zonyansa n'kulowa m'zitsime, ngakhalenso m'mijigo imene simenti yake inang'ambika. Madzi otero amatha kuoneka oyera mbee koma ali ndi matenda. Kuzizira kwa filiji sikupha tizilombo ta kolera, choncho filizesi wopangidwa ndi madzi oipa ndi woipabe ngakhale aume ngati mwala. Thobwa limaphikidwa, inde, koma ngozi imalowera pa madzi osungunulira likalimba, pa mabotolo otoleza amene sanatsukidwe bwino, ndi pa kapu imodzi yomwera anthu onse yongoviikidwa m'beseni lomwelo tsiku lonse.

Simuyenera kusiya, pokhapokha a khonsolo kapena a zaumoyo ataletsa kugulitsa zakudya ndi zakumwa zokonzeratu, monga amachitira kolera ikabuka. Akaletsa mverani, mpamba muutembenuzire ku zinthu zouma monga sopo, mchere, machesi ndi makandulo, zimene zimayenda malonda nyengo yomweyo. Kukakhala kuti sanaletse, madzi onse olowa mu thobwa ndi mafilizesi akhale owiritsa kapena othira kolorini, mabotolo muziwatsuka ndi sopo n'kuwatsukuluza m'madzi a kolorini, ndipo mtengo wa makala ndi mankhwalawo muuwerengere m'mtengo wogulitsira monga muwerengera shuga ndi chimera. Pa benchi panu pakhale kandowa ka kampopi ndi sopo, poonekera, kuti makolo ndi aphunzitsi aziona okha mukusamba m'manja musanapatse mwana botolo.