Kodi kukakhala kunja kumathandizadi wophunzira uphungu?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akuphunzira uphungu. Sukulu yawo yawapatsa mwayi wokakhala milungu 6 m'dziko lina, ndipo akufunsa ngati ulendowu ungawathandizedi kumvetsa anthu a chikhalidwe china, kapena n'kungokaona malo chabe.

Mayi, pitani ndithu. Koma kukwera ndege pakokha sikusintha munthu.

Mu 1986, Milton Bennett, katswiri wa za kumvana kwa anthu a zikhalidwe zosiyana, anafotokoza masitepe 6 amene munthu amadutsamo pozolowera kusiyana kwa zikhalidwe. Poyamba sakuona n'komwe kusiyanako. Kenako amakuona, koma n'kumati zakwathu ndiye zabwino. Limene limandidetsa nkhawa ine ndi lachitatu, pamene munthu amati, "Tonse ndife anthu, mtima ndi umodzi." Mawuwa amamveka okoma, koma m'chipinda cha uphungu amavulaza, chifukwa phungu amayamba kuyeza aliyense ndi muyeso wake. Munthu akakhala chete nthawi yaitali, maso ali pansi, phungu amalemba kuti akubisa zinazake, pomwe kwawo umenewo ndi ulemu. Wina akabwera ndi abale ake kuti amve nawo nkhaniyo, amamuona ngati wolephera kudziimira payekha.

Kunja, mlendo mudzakhala inuyo. Mudzapereka moni molakwika, anzanu adzaseka nthabwala inu osaimva, ndipo pofika madzulo mutu udzakhala utalemera ndi kumvetsera chinenero chachilendo. Kutopa kumeneko mudzakusunge mumtima, pakuti ndi mmene amamvera munthu amene akufotokoza chisoni chake m'chinenero chimene sanayamwire.

Komabe si onse amabwerako atasintha. Kafukufuku wa gulu la mayunivesite lotchedwa Georgetown Consortium, amene anatuluka mu 2009, anatsatira ophunzira a ku America amene anakaphunzira kunja. Anapeza kuti kungokhala pakati pa eni dziko sikunali kokwanira. Amene anapita patsogolo kwambiri ndi aja ankakumana kawirikawiri ndi wowatsogolera n'kumakambirana zimene akuona. Gordon Allport, katswiri wa za maganizo a anthu, nayenso ananena kale mu 1954 kuti kukumana kwa magulu kumachepetsa tsankho ngati anthuwo akumana monga ofanana, akugwirira ntchito cholinga chimodzi. Mukapita ngati wokapulumutsa anthu, mudzabwerako ndi maganizo omwe munapita nawo.

Choncho musanalipire kanthu, funsani a sukulu kuti mudzagona kuti, pabanja la eni dziko kapena kuhotela ndi anzanu okhaokha. Afunseninso kuti ndani adzakhala nanu pansi sabata iliyonse. Tengani kope, ndipo usiku uliwonse muzilemba chimene chakukwiyitsani tsikulo musanachipezere chifukwa. Kopelo mudzapite nalo kwa amene amayang'anira ntchito yanu mukadzabwerako.