Kalabu ya tenisi yopanda ndalama ingathandize bwanji anthu?

Mwafunsa kuti kalabu yanu, imene aliyense amangodzipereka ndipo ndalama za umembala zimathera pa mipira, ingachite bwanji ntchito zachifundo. Mwati m'komiti mwagawanika: ena akufuna mpikisano wosonkhetsa ndalama, ena akuti mukonze kaye bwalo. Maganizo anga ndi akuti musayambire pa ndalama. Chuma chimene muli nacho kale ndi bwalolo pa maola amene limangokhala, komanso anthu odziwa kugwira raketi.

Ana ambiri safika pa tenisi chifukwa alibe raketi ndipo geti limakhala lotseka. Katswiri wa tenisi Arthur Ashe ndi anzake awiri anayambitsa National Junior Tennis League ku America mu 1969 pofuna kutsegula geti limeneli. Akatswiri ena, Venus ndi Serena Williams, anaphunzirira pa mabwalo a aliyense ku Compton, m'chigawo cha California. Katswiri winanso, Frances Tiafoe, anayamba kusewera chifukwa bambo ake, ochokera ku Sierra Leone, ankagwira ntchito yosamalira malo a tenisi ku College Park, m'chigawo cha Maryland, mwana n'kumakulira pomwepo. Ana anu ambiri sadzafika kumene anafika amenewa, koma adzakhala ndi kopita masana, ndi akuluakulu owadziwa mayina. Kwa ine zimenezo n'zokwanira kudzukira Loweruka m'mawa.

Mwina mukuti bwalo ndi limodzi, ana ndi ambiri. Bwalo lathunthu ndi lalitali mamita 23.77, ndipo m'lifupi, posewera awiriawiri, ndi mamita 10.97. Mwana woyamba kumene amangofunika bwalo lotalika pafupifupi mamita 11, ndiye mukhoza kudula bwalo lanu mopingasa n'kupeza timabwalo tinayi. Ana anayi pa kabwalo kalikonse, ndiye kuti ana 16 akusewera nthawi imodzi, palibe woima pamzere. Koma muwagulire mipira yawo. Yofiira liwiro lake ndi lochepa ndi 75 peresenti poyerekeza ndi yachikasu ya masiku onse ija, yaolenji ndi 50, yobiriwira ndi 25. Bungwe la ITF, loyendetsa tenisi padziko lonse, linalamula kuyambira 2012 kuti m'mipikisano ya ana a zaka 10 kutsika m'munsi asagwiritse ntchito mpira wachikasu, chifukwa umadumpha kupitirira mapewa awo, mwana n'kugwa ulesi tsiku loyamba lomwelo. Za maraketi, pemphani mamembala afufuze m'nyumba zawo, ngakhale kuti ana ang'ono amafunika aafupi ndi opepuka.

Musaiwale anzathu aulumali. Tenisi ya pa njinga za anthu aulumali anaiyambitsa Brad Parks mu 1976, ndipo bwalo, neti ndi mpira n'zomwezo. Kusiyana kwake n'kwakuti mpira umaloledwa kudumpha kawiri. Wa pa njinga angathe kusewera ndi woyenda, aliyense ndi lamulo lake. Pitani mukayeze geti ndi chitseko cha chimbudzi, muone ngati njinga ingadutse.

Akuti mukonze kaye bwalo aja akunena zoona pa chinthu chimodzi: mng'alu umene ungagwetse mwana sungadikire. Penti ndi mipando zidikire.

Mpikisano wosonkhetsa ndalama ndi wabwino, kamodzi pachaka, makamaka wa awiriawiri kuti ndi ofooka omwe alowe. Koma apa m'pamene ubale umasokonekera. Nenani musanayambe kuti ndalamazo zikupita kuti, ndipo ngati gawo lina litsale ku kalabu, linenedwe poyera. Zisasakanikirane ndi za umembala. Potulutsa ndalama asayine anthu awiri, ndipo msungichuma apachike lipoti poti aliyense awerenge. Zimenezi zimateteza msungichumayo kuposa wina aliyense.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi odziperekawo. Ntchito ikakhala pa munthu mmodzi wachangu, akadwala kapena kusamuka, ana amapeza geti lokhoma, ndipo mwana amene wabwerera kawiri sabweranso. Lembani ndandanda yosinthana, ndipo lonjezani zochepa zimene mungakwanitse sabata iliyonse, ngakhale ola limodzi. Nthawi zonse pakhale akuluakulu osachepera awiri, makolo avomereze mochita kulemba, ndipo madzi akumwa ndi bokosi la chithandizo choyamba zikhale pambali pa bwalo ana asanafike.