Zitsulo Zikayamba Kulemera Kuposa Kale

Mmodzi mwa owerenga wandilembera imelo yodandaula. Akuti akhala akunyamula zitsulo masiku 6 pa sabata kwa miyezi 8, koma kwa masabata atatu tsopano, makilogalamu amene ankawanyamula maulendo 10 pa squat (kunyonyomala ndi kudzuka utasenza chitsulo) akuwakanika ngakhale maulendo 7. Usiku sakugona bwino, ndipo akuopa kuti akapuma minofu imene aivutikira iphwa. Funso lawo n'lakuti angadziwe bwanji kuti nthawi yopuma yakwana.

Achimwene, zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti nthawiyo yakwana kale. Minofu siikula pa nthawi imene mukunyamula chitsulo, chifukwa pa nthawiyo mukuifooketsa ndipo timinyewa ta m'kati mwake timavulala pang'ono. Thupi limakonza zimenezi pamene mukupuma, mukudya mokwanira ndiponso mukugona, ndipo pokonzapo limamanga zolimba kuposa zimene zinalipo. N'chifukwa chake bungwe la American College of Sports Medicine limalangiza kuti papite maola osachepera 48 musanalimbitsenso minofu yomweyo mwamphamvu. Mukachita miyendo Lolemba, musaibwererenso lisanafike Lachitatu.

Anthu ambiri amayesa kutopa kwawo poona mmene minofu ikuwawira, koma muyeso umenewu ndi wosocheretsa. Kuwawa kumene kumabwera mukachita masewera atsopano kapena olimba kumafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, kenako kumatha kokha. Munthu akhoza kumva kuwawa ali bwinobwino, ndipo wina akhoza kukhala wotheratu osamva kuwawa kulikonse. Chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira kwambiri ndi chimene mwachitchula nokha, chakuti mphamvu zikutsika pamene khama silinachepe. Tsiku limodzi loipa si nkhani, aliyense limamugwera. Koma zikapitirira kwa masabata awiri kapena atatu, makamaka pamene tulo tikusowa, chilakolako cha chakudya chachepa, mukupsa mtima ndi zinthu zazing'ono, chimfine chikubwerabwera, ndipo kupita ku jimu kumene munkakukonda kwasanduka mtolo, dziwani kuti thupi latsalira pa ntchito yake yokonza.

Pali njira ina yosavuta yodziyesera. M'mawa uliwonse musanadzuke pabedi, werengani mmene mtima ukugundira pa mphindi imodzi ndipo muzilemba. Mukadziwa nambala yanu ya masiku onse, n'kuona kuti yakwera ndi 5 kapena 10 kwa masiku angapo motsatizana pamene simukudwala, chepetsani masewera.

Mu 2013, bungwe ndatchula lija pamodzi ndi European College of Sport Science anatulutsa chikalata chosiyanitsa kutopa kwa mitundu ingapo. Pali kutopa kumene kumatha munthu akapuma masiku angapo kapena masabata awiri, ndipo nthawi zambiri amabwerera ali wamphamvu kuposa poyamba. Palinso kutopa kozama kumene kumatenga miyezi kuti kuchoke. Mmene ndikuonera, inu mukadali pa mtundu woyambawo, ndipo chimene chimamufikitsa munthu pa winawo ndi kupitiriza mwamakani zizindikiro zikuoneka.

Mantha anu akuti minofu iphwa ndikuwamvetsa, chifukwa miyezi 8 ya thukuta si yochepa. Komabe mphamvu sizitha m'sabata imodzi kapena ziwiri. Mwina mudzaona pagalasi ngati manja achepa pang'ono, koma kumeneko kumakhala kuchepa kwa shuga ndi madzi amene minofu imasunga, ndipo zimabwerera mukangoyambiranso.

Choncho chitani motere. Pumani masiku atatu kapena anayi osakhudza chitsulo, ngakhale kuyenda pansi pang'onopang'ono kulibe vuto. Sabata yotsatira mubwerere ku jimu, koma muchite theka la maseti (magulu a maulendo onyamula musanapume) amene mumachita, ndi makilogalamu opepukirapo, ndipo seti iliyonse muziisiya mukadali ndi mphamvu zopitiriza. Yesetsani kugona maola 7 mpaka 9, ndipo musachepetse chakudya poganiza kuti simukugwira ntchito, popeza ino ndi nthawi imene thupi likufuna mapuloteni omangira. Mukayambiranso mwamphamvu, ndingakonde mutatsika kufika pa masiku anayi pa sabata, ndipo muziika sabata yopepuka imeneyi pakatha masabata 4 mpaka 8 alionse, musanakakamizidwe ndi kutopa. Muzisunganso kabuku kolembamo makilogalamu ndi maulendo, chifukwa m'mutu timaiwala msanga.

Ngati patatha masabata awiri mukupuma simukuona kusintha, kaonaneni ndi dokotala, popeza kuchepa kwa magazi kapena vuto la chithokomiro zimabweretsanso kufooka kofanana ndi kumeneku. Ululu wobaya pa bondo, pa phewa kapena pamsana ndi wosiyana ndi kuwawa kwa minofu, ndipo ukayamba musiye masewerawo tsiku lomwelo. Chomwe sichifuna kudikira n'komwe ndi minofu yotupa ndi yowawa kwambiri pamodzi ndi mkodzo wakuda kapena wofiirira. Amenewo akhoza kukhala matenda otchedwa rhabdomyolysis, amene amachitika minofu ikawonongeka kwambiri n'kutayira zinthu zake m'magazi, ndipo amatha kuwononga impso. Mukaona zimenezo, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.