Achimwene, injiniyo musaitsegule kaye

Achimwene mwaswera bwanji, ndi nonse pagulu pano. Amayi ndaona mwalemba kale kuti njingayo ingogulitsidwa, dikirani pang'ono ndiwayankhe kaye. Pepani ndachedwa, kuno ku Biwi lero ntchito inachuluka, manja ali oyilo okhaokha, ndiye ndangoti ndilankhule m'malo molemba.

Uthenga wanu ndaumvetsera kawiri. Mwati njinga yamoto ya Kawasaki KLR 650 ija munagula kwa munthu amene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg yayamba kunjenjemera, mukafika pa liwiro la makilomita cha m'ma 80 pa ola manja akuchita dzanzi, pagalasi simukuonanso za kumbuyo, ndipo makaniko wina wakuuzani kuti injini itsegulidwe. Komanso Loweruka likubwerali mukufuna kunyamuka wa ku Nkhata Bay. Chimene ndikupempha ndi chimodzi: musalole munthu kumasula injiniyo tisanadziwe kumene kunjenjemerako kukuchokera. Kutsegula injini ndi ndalama zambiri, ndipo ikatsegulidwa ndi manja osaizolowera siibwereranso mwakale.

Choyamba mudziwe kuti njinga imeneyi ndi ya silinda imodzi. Pisitoni ndi imodzi, yaikulu, ikukwera ndi kutsika yokha popanda inzake yoilandira, ndiye kunjenjemera pang'ono ndi chibadwa chake. Koma inu mwati mwezi watha sinkatero. Mawu amenewo ndi amene ndawagwira, chifukwa akusonyeza kuti chilipo chimene chasintha, ndipo chimenecho tingachipeze.

Mawa m'mawa chitani izi, sizifuna ndalama. Lizani injini itenthe, giya ili pa nyutulo, njinga itaima. Muziwonjezera moto pang'onopang'ono maso ali pa geji ya marevu, yosonyeza kuti injini ikuzungulira kangati pa mphindi: 2000, 3000, 4000, kufika 5000. Dzanja lina ligwire handulo, kenako thanki, kenako popondera. Ngati kunjenjemera kuja kwabwera njinga itaima chomwecho, matayala ndi tcheni alibe mlandu, vuto lili ku injini kapena pamene injini yamangidwira ku felemu. Mundiuze nambala imene kwayambira.

Mukatero pitani pa msewu wa bypass uja, nthawi imene magalimoto achepa, chipewa kumutu. Fikani pa 80 pamene mwati zimavutapo, kenako gwirani kilatchi, siyani moto, njinga izingoyenda yokha ndi liwiro lake. Kunjenjemera kukatha nthawi yomweyo, ndi injini. Kukapitirira chimodzimodzi pamene injini yatsika kale, ndiye kuti ndi matayala, tcheni kapena mabering'i. Mwamva? Mayeso awiri amenewa amadula ntchito pakati. Yesaninso kuyenda liwiro lomwelo pa giya yachinayi kenako yachisanu, muone ngati kunjenjemerako kukutsata marevu kapena kukutsata liwiro.

Tsopano tinene kuti ndi kumbali ya injini. Ine ndimayambira pa mabawuti, nthawi zonse. Injini imagwiridwa ku felemu kutsogolo, pansi, kumbuyo, ndi pamwamba pa mutu wake, kunsi kwa thanki. Apamwambawo anthu amawaiwala chifukwa saoneka mpaka utachotsa thanki. Misewu yathuyi mukuidziwa, maenje ndi tizitunda ta msewu wafumbi timamasula mabawuti pang'onopang'ono mwiniwake osadziwa. Chaka chatha inabwera kuno njinga ina yaikulu, mwiniwake atalipira kale kwina kuti amusinthire maring'i ndi mabering'i a m'kati, koma kunjenjemera kuli pomwepo. Titachotsa thanki tinapeza nati ya pamwamba paja kulibe, bawuti ikungovina m'bowo. Bamboyo anakhala pansi osalankhula, ndipo ine zinandipweteka mumtima, chifukwa ndalama anataya zija zinali za fizi ya mwana. Ndiye inu ikani sipanala pa bawuti iliyonse, osangoyang'ana ndi maso. Mukaona fumbi lofiirira ngati dzimbiri mozungulira nati, pamenepo pakhala pakusewera. Yang'ananinso felemu pafupi ndi pamene anawotcherera, ngati pali mng'alu wowonda ngati tsitsi. Ekizosi nayo igwedezeni itazizira. Chitsulo chotchinga pansi pa injini chikapindika ndi mwala n'kumakhudza injini, chimatumiza kunjenjemera konse ku felemu. Ndipo kumapeto kwa handulo, ngati kunali tizitsulo tolemera tija, onani ngati tonse tiwiri tilipo. Ena amatichotsa poika zotchinga manja, osadziwa kuti ntchito yake ndi kuchepetsa dzanzi lomwe mukulinenalo.

Mabawuti akakhala bwino, tione mmene injini ikuwotchera mafuta. Ndikufunseni achimwene, ndipo mundiyankhe zoona: masiku mafuta anasowa aja, simunathire petulo wa m'zigubu? Sindikukudzudzulani, tonse tinavutika pa mizere, koma wa m'zigubu uja nthawi zina amakhala ndi madzi, zinyalala kapena palafini. Komanso petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo ethanol amakoka chinyezi njinga ikakhalitsa osayenda. Pansi pa kabureta pali kasikuluwu kotulutsira mafuta. Kamasuleni, mafutawo agwere m'botolo loonekera, mulisiye kanthawi. Madzi amakhala pansi, mudzawaona okha. Chotsani pulagi muione kumutu: ikakhala yofiirira pang'ono ngati tiyi wamkaka ili bwino, ikakhala yakuda ndi mwaye mafuta akuchuluka kapena mpweya ukuchepa, ikayera kwambiri mafuta akuchepa ndipo injini ikutentha. Pulagi yake ndi NGK DPR8EA-9, mpata wake 0.8 mpaka 0.9 mm. Sefa ya mpweya ndi ya siponji, ndipo ndi fumbi la Lilongwe la miyezi inoyi imatseka msanga. Ichapeni, iume, muipake oyilo pang'ono. Mavalavu tidzayeza ine ndikabwera, amenewo amafuna geji yake.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwenikweni pa KLR ndi ichi, ndipo apa mvetserani bwino. M'kati mwa injiniyi, kumanzere, muli zitsulo zolemera zimene zimazungulira kuti zilimbane ndi kugunda kwa pisitoni, timazitcha balansa. Zimayendetsedwa ndi tcheni chake chaching'ono, ndipo tchenicho chimakokedwa ndi kachitsulo kena kokhala ndi sipuling'i. Eni njingazi kunja konse anakapatsa dzina loti doohickey. Pa njinga zopangidwa chisanafike chaka cha 2008 kachitsuloko kamadziwika kuti kamathyoka. Kuyambira 2008 a Kawasaki anakalimbitsa, koma sipuling'i yake nthawi zambiri imapezeka kuti yasiya kukoka. Tcheni chija chikalefuka, injini imayamba kunjenjemera mwachilendo, ndipo kumanzere mumamva phokoso ngati timiyala m'chitini. Chikalumpha mano, kapena chidutswa cha kachitsuloko chikagwera m'magiya, injini imatha kuwonongeka muli pa liwiro. Ndi chifukwa chake sindikufuna kuti muipitirize kuyendetsa mtunda wautali tisanaone.

Kukonza kwake koyamba ndi kophweka. Pansi pa chivundikiro cha kumanzere pali kachotsekera ka labala. Mukakachotsa mupeza kabawuti kakang'ono. Injini itazima, njinga itaima mowongoka, mumakamasula pang'ono chabe, osakachotsa, kuti sipuling'i ikoke tcheni, kenako mumakamanganso mofatsa. Ndati mofatsa achimwene, chifukwa kukamanga ndi mphamvu ndi kumene kumaphwanya kachitsulo kaja. Ngati simukudzidalira, kasiyeni, ndidzachita ndine. Ndipo zikapezeka kuti pafunika kuona m'kati, timangochotsa chivundikiro cha kumanzereko ndi maginito, pogwiritsa ntchito chokokera chake chimene ndili nacho. Kumeneko si kung'amba injini pakati ngati mmene akukuuzirani.

Oyilo muuone pa kagalasi ka m'mbali, njinga itaima mowongoka, chifukwa zina mwa njingazi zimadya oyilo mukathamanga nthawi yaitali. Tikadzakhetsa tidzasefa pa nsalu yoyera. Tikapeza tizidutswa ta chitsulo, kapena mukamva kugogoda kolemera kuchokera pansi pa injini, pamenepo ndiye ine ndemwe ndidzakuuzani kuti titsegule.

Zikapezeka kuti ndi kumbali ya matayala, nkhani yachepa. Kwezani tayala lakumbuyo, lizungulitseni mukuyesa tcheni malo angapo, chifukwa tcheni chakutha chimathina pena n'kulefuka pena. Mano a sipuroketi akapindika ngati mbedza, musinthe zonse pamodzi ndi tcheni. Masipoko agogodeni ndi sipanala, lolimba limalira kuti ngwee, lomasuka limangoti phwa. Gwirani tayala muligwedeze cham'mbali kuti mumve mabering'i, ndipo muone ngati limu silinapindike pa dzenje. Mwati tayala lakutsogolo munasintha posachedwa, eti? Afunseni ngati analibalansa, ndipo muone ngati linakhala bwino mozungulira limu lonse.

Za ulendo wa Loweruka, ine sindikuletsa, koma msewu wa M5 kuchokera ku Salima kudutsa Nkhotakota mukuudziwa, ndipo njinga ngati imeneyi ikafera kumeneko zida zake simungazipeze pafupi. Ndiye Lachitatu ndikaweruka ndibwera ku Area 25 ndi zida zanga. Inu mugule pulagi ija, oyilo wa njinga yamoto malita 3, osati wa galimoto, ndi fyuluta ya oyilo. Mundijambulirenso nambala ya pa felemu, pakhosi paja, ndidziwe chaka chimene inapangidwa. Mawa mukamayesa marevu, ikani foni pafupi ndi injini kumanzereko mujambule phokoso mutumize pompano ndimve. Amayi, musade nkhawa, sanyamuka ndisanaikwere ndekha njingayo. Alamu mundiperekere moni ndi ana, tionana Lachitatu.