Mtima wothamanga mukangoimirira

Mayi wina wa ku Kalingalinga mu Lusaka wandilembera kuti akaima pamzere wa minibasi ku Kulima Tower, mtima umagunda ngati ng'oma, m'maso mumada, koma akakhala pansi zimatha. Kuchipatala anamuyeza BP n'kumuuza kuti ili bwino. Apongozi ake akuti ndi maganizo. Akufunsa ngati n'zoona.

Amayi, mwina si maganizo ayi. Pali vuto la mtima kuthamanga munthu akaimirira, lotchedwa POTS, dzina lomwe madokotala a ku Mayo Clinic ku America analipatsa mu 1993, ndipo limagwira kwambiri akazi. Mukaimirira, magazi amatsikira kumiyendo ndi m'mimba. Mitsempha ikachedwa kuwabweza, mtima umathamanga kuti ubongo usasowe magazi. BP siitsika kwenikweni, ndiye kukuyezani mutakhala pampando sikungaonetse kanthu.

Dziyezeni nokha, wina ali pafupi. Gonani mphindi 10, gwirani mtsempha wa padzanja, muwerenge kugunda kwa mphindi imodzi. Kenako imirirani, muwerengenso pakatha mphindi 2, 5 ndi 10. Ngati kugunda kwakwera ndi 30 kapena kuposa poyerekeza ndi pamene munagona (40 kwa azaka 12 mpaka 19), lembani m'kope masiku angapo, mupite nalo kukiliniki kapena ku chipatala chachikulu cha UTH. Adokotala ayambe aona ngati magazi sakuchepa komanso ngati chithokomiro chili bwino, chifukwa izinso zimathamangitsa mtima.

Madzi imwani malita 2 mpaka 3 patsiku, makamaka nthawi yotentha ngati October. Nkhani ya mchere ndi yomwe imasokoneza anthu. Tinazolowera kumva kuti mchere ndi woipa, koma wodwala POTS amauzidwa kuti awonjezere, chifukwa mchere umasunga madzi m'thupi. Musayambe nokha. Ngati muli ndi BP yokwera kapena vuto la impso, mungadzipweteke, choncho adokotala anene kaye.

Nsima yambiri masana imakokera magazi m'mimba, ndiye idyani chakudya chochepa kangapo patsiku. Kumutu kwa bedi ikani njerwa, kukwere masentimita 10 mpaka 15. Masewera olimbitsa thupi yambani ndi ochita mutagona kapena mutakhala. Mankhwala ngati propranolol alipo, koma olembedwa ndi dokotala, osati opempha kwa aneba.

Pamzere paja, pingasani miyendo, mufinye minofu ya m'ntchafu. Chizungulire chikayamba, khalani pansi pomwepo, ngakhale kondakitala akukuwa kuti mpando watsala umodzi.