Mafunso Anu: Kukonza Nyumba Zakale Popanda Kuziwononga

Funso: Ndife kalabu ya achinyamata ku Zomba. Loweruka lililonse timasesa pamsika kapena kuthandiza okalamba. Kwathu kuli nyumba ya njerwa yomangidwa nthawi ya atsamunda, ndipo matope a m'mizere ya njerwa akuyoyoka. Tasonkha ndalama zokwana matumba angapo a simenti. Tipake pulasitala khoma lonse?

Yankho: Zikomo chifukwa cha mtima wanu, koma simentiyo musaigule. Nyumba za nthawi imeneyo anazimanga ndi njerwa zofewa, zoumbidwa pamanja n'kuwotchedwa pafupi, ndipo ankazilumikiza ndi dothi kapena laimu. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, njerwa zake anawotchera pamalo pomwepo. Khoma lotere limamwa madzi nthawi ya dzinja n'kuwatulutsa m'chilimwe kudzera m'mizere. Simenti ndi youma gwa! Ikatseka mizere, chinyontho chimasowa potulukira, chimalowa m'njerwa, ndipo pakapita zaka zochepa nkhope ya njerwa imasanduka ufa. Pulasitala nayenso amayamba kufufuma n'kugwa zibenthu, atanyamula njerwa.

Gulani laimu womangira, osati wothira m'munda uja. Muviikeni mumgolo wa madzi kwa tsiku lathunthu, ngakhale sabata, mpaka akhale ngati phala lolimba. Sakanizani ndowa imodzi ya laimu ndi ndowa zitatu za mchenga wa kumtsinje wosefa bwino, wopanda dothi. Madzi achepe, matope amamatire pampeni womangira osatsetsereka. Kumbani mizere yowonongeka yokha ndi kachitsulo, pamanja, kuya kwake kukhale kawiri kukula kwa mzere, pafupifupi masentimita awiri. Sesani fumbi, nyowetsani khoma, kenako kanikizani matope mwamphamvu mpaka mkati.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Laimu samauma ngati simenti, amalimba pang'onopang'ono pokoka mpweya. Akawombedwa ndi dzuwa amang'aluka n'kusanduka fumbi. Phimbani khoma ndi ziguduli zonyowa ndipo muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata imodzi. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Julayi. Kutentha kwa Okutobala n'kosathandiza. Valani magolovesi ndi magalasi, chifukwa laimu amawotcha khungu ndi maso. Ndipo pezani mmisiri wachikulire amene anagwirapo laimu kuti akutsogolereni. Yambirani pakachigawo kobisika kuseri.

Funso: Kodi tiyenera kupempha chilolezo? Nyumbayo palibe akuigwiritsa ntchito.

Yankho: Eya. Nyumba iliyonse ili ndi mwini wake, kaya ndi mpingo, khonsolo, boma kapena banja, ndipo chilolezo chake chikhale cholembedwa. Amfumu adziwitsidwenso. Kenako funsani ku nthambi ya boma yoona za malo osungira zinthu zakale ndi zipilala ngati nyumbayo ili m'kaundula wa zotetezedwa. Lamulo la Monuments and Relics Act la mu 1990 limaletsa kusintha kapena kugwetsa nyumba yotetezedwa popanda chilolezo. Musanakhudze kanthu, jambulani mbali zonse zinayi, denga, zitseko ndi ming'alu, mutaika rula pambali pa mng'alu uliwonse. Ngati mukufuna mbiri ya nyumbayo, yesani laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, nyumba ya mu 1882 ku Blantyre.

Funso: Ife ndi gulu la amayi a mpingo ku Nkhotakota. Ndalama tilibe. Tingachitepo chiyani patchalitchi chathu chakale?

Yankho: Amayi, ntchito yopindulitsa kwambiri ndi yosafuna ndalamayo, chifukwa chimene chimagwetsa nyumba ndi madzi. Mvula isanayambe, fukulani ngalande zozungulira tchalitchi ndipo chotsani dothi lounjikana m'munsi mwa khoma, nthaka itsetsereke kuchoka kunyumba. Maluwa obzala motsamira khoma ndi okongola, koma kuthirira kwake kumanyowetsa maziko. Asunthireni kutali ndi mita imodzi kapena kuposa. Mvula yoyamba ikamagwa, lowani mkati ndi choko n'kulemba pansi paliponse podontha, kuti mmisiri asinthe misomali kapena lata lokhalo lobooka.

Kachere womera pakhoma musamuzule mokoka, mizu yake ituluka ndi njerwa. Dulani tsinde, ndipo mphukira zikatuluka dulaninso mpaka muzu ufe. Tinjira ta dothi tokwera khoma ndi chiswe: tsatani tinjirato mpaka kumitanda ya denga, gogodani mtengo, ukalira ngati ng'oma ndiye kuti wadyedwa mkati, ndipo pasakwere munthu. Popaka, siyani penti wa mafuta. Sungunulani laimu akhale ngati mkaka, pakani mopyapyala pakhoma lonyowetsa katatu kapena kanayi, kusiya tsiku limodzi pakati. Denga likakhala la asibesitosi, musaliswe kapena kulipala, fumbi lake limawononga mapapo.