Pikapu ikuimba likhweru pa chitunda? Musagule kaye turbo

Mwa maimelo omwe ndalandira sabata ino, ya bambo wina wa ku Nkhotakota ndiyo yandisiyitsa zina. Iwowa amagula mpunga kwa alimi a m'mbali mwa nyanja n'kukagulitsa ku Kasungu, ndipo amanyamulira pa Hilux ya 3.0 D-4D ya 2010. Alemba kuti: "Ndikailiza m'mamawa imachita tchi-tchi-tchi ngati makina osokera, ikatentha phokosolo limachepa. Koma ndikapakira matumba n'kuyamba kukwera zitunda za m'nkhalango muja, imaimba likhweru lakuthwa, siikukoka ngati kale, ndipo m'kati mukumveka fungo la utsi. Makaniko wanga wangomvetsera kamodzi n'kunena kuti turbo yapita. Ndigule?"

Bambo, musagule kaye. Sindikunyoza makaniko wanu, mwina turbo ilidi ndi vuto lake, koma zomwe mwafotokozazi zikuloza kwina. Ndipo mtengo wa turbo ndi wa gasiketi, kotsekera mpata pomwe zitsulo ziwiri zakumana, n'zosiyana ngati ng'ombe ndi nkhuku.

Ine zinandionekerapo. Nthawi yomwe ndinkanyamula usipa ku Senga Bay pa Isuzu KB yanga, inayamba kulira chonchi pokwera ku Mvera. Ndinathamangira ku Lilongwe, n'kugula turbo yogwirapo kale ntchito pa shopu ina, tinamanga tsiku lonse pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. M'mawa mwake ndikufika pa chitunda chomwe chija, likhweru lija ilo. Titafufuza modekha tinapeza kabawuti kamodzi ka manifodi, chitsulo chosonkhanitsa utsi wochoka mu injini, katathyoka, chakumbuyo kwenikweni komwe dzanja limalowa mokakamiza. Ndinagula mbereko mwana asanabadwe, ndipo turbo yosalakwa ija inakhala pawindo la sitolo yanga mpaka inachita dzimbiri.

Chomwe chimatipusitsa n'chakuti zinthu zonse zoimba zili malo amodzi. Turbo ndi mafani awiri pa kashafuti kamodzi. Utsi wochoka mu injini umadutsa mu manifodi n'kukazungulitsa fani yoyamba, imeneyo n'kuzungulitsa inzake yomwe imakankhira mpweya mu injini kudzera mu intercooler, choziziritsa mpweyawo. Pa galimoto yanuyi intercooler ili pamwamba pa injini, n'chifukwa chake boneti ili ndi kakamwa kaja. Choncho pali njira ziwiri zomwe muli mpweya wopanikizika: ya utsi wotentha, kuchoka mu injini kufika pa turbo, ndi ya mpweya wabwino, kuchoka pa turbo kubwerera mu injini. Kabowo kalikonse pa njira ziwirizi kamaimba, ndipo kamaimba nthawi yomweyo imene turbo ikulimbikira ntchito. Khutu likamva limangoti ndi turbo.

Mawu omwe andigwira mtima m'kalata yanu ndi akuti phokoso la m'mawa limachepa injini ikatentha. Turbo yowonongeka siichira ndi kutentha. Chomwe chimachita zimenezo ndi chitsulo: chikazizira chimanyala, mpata umatseguka, utsi n'kumathawa kamodzikamodzi silinda iliyonse ikaphulitsa, ndiye tchi-tchi-tchi uja. Chikatentha chimafufuma n'kutseka mpatawo. Koma pa chitunda, muli ndi matumba kumbuyo, phazi lili pansi, utsi mu manifodi umapanikizika kwambiri ndipo umatentha kupitirira madigiri 600. Pamenepo umadzikankhira njira. Gasiketi za manifodi ndi za pakamwa pa turbo kawirikawiri ndi timalata topyapyala, ndiye utsi ukamadutsa m'mphepete mwake kamalatako kamanjenjemera. Mukukumbuka tili ana kubusa, kupana tsamba la udzu pakati pa zala zazikulu n'kuuzira? Kulira kwake n'komweko. Ndipo poti utsi wina ukuthawa usanafike pa turbo, fani siikuzungulira mokwanira, mpweya ukuchepa mu injini, mphamvu n'kutsika. Fungo la m'kati muja ndi utsi womwewo, wotayikira pansi pa boneti n'kulowa ndi mpweya wa m'kabini.

Ubwino wa dizilo ndi wakuti sabisa. Paliponse pomwe utsi ukuthawira pamatsala mwaye, wouma, wakuda bii ngati wa kudenga la khitchini. Ndiye ntchito yoyamba si ya sipanala ayi, ndi ya maso. Dzukani m'mamawa injini ili yozizira, masulani chimalata chotchinga kutentha chomwe chaphimba manifodi, tengani tochi. Yang'anani pomwe manifodi yakumana ndi hedi, chigawo chapamwamba cha injini, bowo lililonse mwa anayi aja. Werengani manati, onse alipo? Gwirani iliyonse ndi chala, chifukwa bawuti yothyokera m'kati imatha kukhalabe pamalo pake ngati yabwinobwino, koma mukaigwedeza imangozungulira. Pitani pomwe turbo yamangidwa ku manifodi, kenako paipi ya EGR, ija imabweza utsi wina mu injini, yomwe imakonda kung'aluka pomwe anaiwotcherera. Kunsi komwe maso safika lowetsani foni, yatsani kuwala, jambulani. Ine ndimabwereka kagalasi ka mayi a kunyumba, ngakhale kamabwerera kali ndi zala zakuda n'kundiyambitsira nkhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, kamzere ka mwaye kamatha kukhala kochepa ngati kolemba ndi pensulo.

Mwaye ukapanda kuoneka, sungunulani sopo wa ufa m'botolo, wazani thovu m'malo onse olumikizira, wina alize injini. Muli ndi mphindi imodzi yokha chitsulo chisanatenthe n'kuumitsa madziwo. Pomwe pakutuluka utsi thovu limafufuma kapena kuuluzika. Mnzanuyo akhoza kutseka kumapeto kwa ekizozi ndi chisanza kwa masekondi ochepa, phokoso la pobowoka limakwera nthawi yomweyo. Chidutswa cha paipi yothirira dimba chimathandizanso: mbali ina kukhutu, ina mukuyendetsa m'mbali mwa manifodi. Zonsezi chitirani panja, osati m'galaja yotseka, ndipo malaya ndi zala zitalikire fani yoziziritsa injini ndi lamba.

Za lamba ndingodutsapo. Ngati phokoso likumveka galimoto ili chiimire, n'kumakwera ndi kutsika ndendende ndi phazi lanu, ganizirani lamba, alternator kapena kagudumu kokungira lamba. Kulira kwa turbo kumabwera mochedwerapo, ndipo mukachotsa phazi kumatsika pang'onopang'ono.

Mbali ya mpweya wabwino ili ndi kulira kwake. Siiimba mokuthwa, imachita psiii ngati tayala lomwe likuphwa, ndipo kumbuyo kumatuluka utsi wakuda poti dizilo wachuluka kuposa mpweya. Kuno chizindikiro si mwaye koma kunyowa: pomwe paipi ya labala yang'ambika kapena kilampu yamasuka pamakhala oyilo womata fumbi. Finyani mapaipiwo ndi dzanja, makamaka kunsi ndi popindika. Mng'alu wina sumaoneka mpaka paipi itafufuma ndi mpweya.

Tsopano turbo yeniyeniyo. Kalikhweru kapansipansi pokwera ndi chibadwa chake, musadandaule nako. Yomwe ikufa imalira ngati ambulansi ili patali, wiii-wiii, phokoso lake limakula tsiku ndi tsiku, ndipo sililabada kuti injini yazizira kapena yatentha. Kuiyeza sikufuna makina. Zimitsani injini, kiyi muike m'thumba, masulani paipi yochokera ku fyuluta ya mpweya, muona fani ya aluminiyamu. Unikani mapiko ake. Ayenera kukhala osalala, akuthwa, ofanana onse. Akakhala okumbika m'mphepete ngati adyedwa ndi chiswe, ndi fumbi limenelo. Limodzi likapindika kapena kubenthuka, inameza kanthu. Gwirani nati ya pakati ndi zala ziwiri, zungulitsani, iyende mosakodola. Igwedezeni cham'mbali: kusewera pang'ono n'kololedwa, chifukwa kashafuti kameneka kamazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi katayandama pa oyilo, ndipo injini ikazima oyiloyo palibe. Koma fani isakhudze khoma, ndipo pakhomapo pasakhale mikwingwirima. Kenako kokani ndi kukankha motsata shafuti. Uku ndiye simuyenera kumva kusewera. Mukamva khobo-khobo, makaniko wanu ananena zoona.

Wina asakuopsezeni ndi kaoyilo kopaka m'paipi. Injini imapumira nthunzi ya oyilo m'paipi yomweyo, ndiye kunyowa pang'ono kumakhalapo ngakhale pa galimoto yabwino. Choopsa ndi oyilo wochita kukhuthuka mu intercooler, utsi wabuluu, ndi oyilo wa mu injini kumatsika popanda podontha. Zikafika apo galimoto musayendetsenso. Injini ya dizilo imatha kuyamba kumwa oyilo wakeyo ngati mafuta, n'kuthamanga yokha mosaletseka, kiyi mwazimitsa koma iyo ikungokuwa, utsi uli tolo. Zikakuchitikirani, ngati ndi ya giya ya pamanja, pondani buleki mwamphamvu, ikani giya yapamwamba, siyani kilatchi kuti izime. Kapena tsekani polowera mpweya ndi thabwa. Chikhatho ayi.

Injini yanuyi, 1KD, ili ndi zake ziwiri zoti muzidziwe. Turbo yake ili ndi timapiko tam'kati tomwe timatseguka ndi kutsekeka moyendetsedwa ndi kamota kamagetsi. Mwaye ukachuluka timapikoti timamatirira, galimoto imafooka, nyali ya injini n'kuyaka. Zikatero kaiikeni pa kompyuta musanamasule chilichonse, nthawi zina kutsuka kumakwanira. Chachiwiri n'chomwe chimapha injini zambiri za mtundu umenewu mwakachetechete: mawashala a kopa omwe amakhala pansi pa mainjekita, zopopera dizilo mu silinda. Akatha, utsi umathawira m'kati mwa chivundikiro cha injini momwe simungauone, n'kumapsereza oyilo mpaka asanduke makala. Makalawo amakatseka sefa yomwe pampu imakokera oyilo mu sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, ndipo oyilo akachepa woyamba kuvutika ndi turbo. Pa galimoto ya 2010, ngati simukudziwa kuti mawashalawa anasinthidwa liti, tsiku lokhetsa oyilo auzeni amakaniko aunike pabowo la sampu aone sefayo.

N'chifukwa chake ndimakangana ndi anzanga omwe amangomasula turbo yakufa n'kumanga ina. Turbo siifa yokha, pamakhala chomwe chaipha, ndipo chikasiyidwa chimadyanso yatsopanoyo. Kuno kunyanja wakupha wamkulu ndi fumbi. Misewu yolowera kumidzi kokatenga mpunga nthawi yachilimwe mukuidziwa. Anyamata ambiri amachotsa fyuluta, kuimenyetsa pa tayala, kuiuzira ndi kompuresa, n'kubwezera. Pepala lija limabowoka timabowo tosaoneka. Pisani chala m'paipi ya kuseri kwa fyuluta: mukatuluka ndi fumbi, ndiye kuti mchenga wakhala ukupita ku fani. Wina ndi oyilo wotchipa wosadziwika kochokera, kapena wabwino koma wokhalitsa. Winanso ndi chizolowezi chofika pa sikelo injini ili moto, m'dzuwa la Okutobala, n'kuzimitsa pompo. Oyilo amaima, kutentha kumatsalira m'kati mwa turbo n'kumuphika. Mukachoka kokoka katundu wolemera isiyeni ilire chiimire mphindi imodzi kapena ziwiri. Ndipo ngati zitafika pogula ina, paipi yobweretsa oyilo isinthidwe kapena itsukidwe bwino, intercooler itsukidwe, oyilo ndi mafyuluta zikhale zatsopano, ndipo athire oyilo m'kati mwa turbo asanalize.

Koma ine ndikukhulupirira kuti inu mukapeza mwaye. Mukaupeza, musalole zomata. Ndaonapo manifodi atapakidwa silikoni, ena phala la m'kachubu lomatira sailensa, zonsezo zimapsa musanafike n'komwe pa Bua. Manifodi ichotsedwe, aigoneke pa galasi kapena aikepo lula yachitsulo. Ngati yapindika, kuwala kumadutsa pansi, ndipo gasiketi yatsopano siikhalitsa pokhapokha akaipale pa makina kuti ikhalenso yosalala. Iyang'anidwenso ngati ili ndi mng'alu pakati pa mabowo. Mabawuti athiridwe mafuta omasulira dzulo lake, poti chinyezi cha kunyanja kuno chimawadyetsa dzimbiri ndipo mukawakakamiza amathyoka ena. Lomwe lathyokera m'kati mwa hedi lisiyireni munthu wodekha. Hedi ya injini imeneyi ndi ya aluminiyamu, wina akaboola mokhota mudzalira kuposa mtengo wa turbo. Pomanga ayambire manati a pakati kupita kunja.

Fungo la m'kabini lija musalizolowere. Msewu wa ku Kasungu umadutsa m'nkhalango yosungira nyama momwe simungangoima paliponse n'kutsika, ndipo utsi umabweretsa mutu ndi tulo munthu osazindikira. Mpaka mutakonza, yendani mawindo ali otsegula, chepetsani matumba, ndipo pa chitunda tsitsani giya m'malo mokanikiza phazi. Ana musawakweze kutsogolo.

Loweruka m'mamawa, musanailize, chotsani chimalata chija mujambule manifodi yonse, makamaka bowo lakumbuyo loyandikana ndi kabini. Mujambulenso fani ya turbo tochi itaunika, zithunzi zonse munditumizire pa imelo yomweyi.